Khadi la Sitolo ndi Sutikesi ya Amalume

Mu 1975 ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ndinkakhala ndi amayi ku Sakubva, m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo tauni yathu ya Mutare nthawi imeneyo inkatchedwa Umtali. Bambo anamwalira ine ndili Sitandade 3. Masana ndinkasanja matabwa pafakitale ina ya kumunsi kwa njanji. Ndikaweruka ndinkawerenga.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma ndinali nditalembetsa maphunziro a papositi kuti ndidzalembe mayeso a JC. Mwezi uliwonse ndinkatumiza madola anayi, iwo n'kunditumizira timabuku ndi mafunso. Mayankho anga ankabwerako atachongedwa ndi inki yofiira. Sindinatsikepo pa theka. Ndanena zimenezi kuti wina asaganize kuti zomwe zinandigwera zinagwera mbuli.

Pageti la fakitale pankakhala kalaliki wachikuda wowerenga matabwa otuluka. Anali atakalamba, maso akumuvuta. Manijala, mzungu wosakonda kulankhula, anandiuza ndi pakamwa pake kuti mpando umenewo udzakhala wanga ndikadzamuonetsa setifiketi ya JC. Kalaliki ankalandira kuwirikiza kawiri madola 36 omwe ndinkalandira ine, ndipo ankaweruka manja ali osalala. Manijala anawonjezera kuti masiku ena ndizikhala pageti kuthandiza nkhalamba ija, koma pageti sipakhala munthu wa ovololo. Ndinafunika jekete ndi tayi.

Njira zinalipo ziwiri. Kwa Mmwenye wa kufupi ndi msika, munthu unkasankha jekete, iye n'kulipachika kuseri ndi kapepala ka dzina lako. Unkapereka pang'onopang'ono, ndipo tsiku lomaliza kulipira ndi lomwe unkatenga jeketelo. Ukalephera ankakubwezera ndalama zako atachotsapo zochepa. Palibe amene ankakulondola kunyumba. Njira yachiwiri inali sitolo yaikulu ya azungu pamsewu waukulu, yomwe inali itatsegula khomo la m'mbali lolowera anthu akuda. Kumeneko ankapereka khadi. Ndi khadi unkatenga katundu tsiku lomwelo, n'kumalipira miyezi isanu ndi umodzi. Ukamalipira m'nthawi yake panalibe chiwongoladzanja.

Ndinapita konseko kawiri, pensulo ili kukhutu. Jekete la kwa Mmwenye linali madola 14, la kwa azungu madola 18, nsalu yake pafupifupi imodzimodzi. Masamu ndinkawadziwa. Ndinasankha lodula.

Chifukwa chake ndi ichi. Kalaliki wa makhadi, mkaladi wa ndevu zometedwa bwino wa ku Florida, dera la makaladi m'tauni yathu, anandikhazika pampando. M'tauni monse munalibe ofesi ina imene munthu ngati ine ankakhazikidwa pampando. Anatenga chitupa changa, chomwe chinkanditchula mlendo ngakhale ndinabadwira ku Sakubva, n'kuchitembenuza.

"Ndiwe wa ku Nyasalande," anatero m'Chishona.

"Ndinabadwira pompano."

"Onse amatero. Anthu a kwanu amalipira bwino, ndiwayamikire. Vuto lawo ndi sitima. Amalipira miyezi iwiri, wachitatu ali ku Limbe atavala suti yathu. Iwe suthawa?"

"Ndithawire kuti? Kwathuko sindinapondeko."

"Ndiye sayina apa."

Anataipa dzina langa pamakina, mawu aulemu omwe ankalembera azungu ali patsogolo pake. Khadilo linali la pepala lolimba lobiriwira, m'kathumba ka pulasitiki. Linkandilola kutenga katundu wofika madola 60. Ndinatenga jekete, buluku, malaya awiri ndi tayi, zonse madola 30.

Amayi atamva anafunsa funso limodzi. "Kodi imeneyi si riba?" Ife ndife Asilamu, ndipo chiwongoladzanja kwa ife ndi choletsedwa. Ndinawayankha kuti riba imagwira munthu wochedwa kulipira, ndipo ine sindichedwa. Sindinachedwedi. Miyezi isanu ndi umodzi ndinkafika pakhomo la m'mbali lija Loweruka la malipiro, madola asanu ali m'manja, kalaliki n'kudinda khadi. Nditamaliza, sitolo inandilembera kalata yondiyamikira, n'kunena kuti tsopano nditha kutenga katundu wofika madola 120.

Kalatayo ndinaiwerenga mokweza kunyumba tsiku Lamulungu masana, n'kuimasulira m'Chinyanja mawu ndi mawu. Palibe amene anandituma. Ndinkafuna kuti amalume amve.

Amalume anali mchimwene wa amayi, mimba imodzi. Anachoka kwathu ku Balaka ali mnyamata, ndipo anakhala zaka pafupifupi makumi atatu akuphikira banja limodzi la azungu ku Murambi. Ankagona m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba ya abwana, n'kumabwera kwathu Lamulungu. Bambo atamwalira, ndi iwo amene anandilipirira sukulu mpaka Sitandade 6. Sanachite zachilendo. Kwa ife mwana ndi wa amalume ake, ndipo amalume akalowa m'nyumba mphwawo sakhala pampando. Tsiku lija anamvetsera kalata yonse, anagwedeza mutu, n'kupempha tiyi wina.

Mu Novembala azungu a ku Murambi anagulitsa nyumba. Nkhondo inali itayandikira m'mapiri a kumalire, ndipo iwo anati akupita kummwera. Azunguwo anasiyira amalume wotchi ya pakhoma. Amalume anasamukira kwathu ndi wotchiyo, ine n'kuwasiyira chipinda, kumayala mphasa pabalaza.

Patapita masiku atatu anandiitana.

"Mphwanga, tawerenganso kalata ija ya kusitolo."

Ndinaiwerenga.

"Ndiye kuti azungu akuti utenge katundu wa madola 120."

"Akuti nditha kutenga, amalume. Koma ndi ngongole. Ndidzalipira."

"Ndani wanena kuti usalipire? Ine ndikukuuza kuti ndikupita kumudzi. Zaka makumi atatu. Ukufuna nditsike sitima pa Balaka nditakumbatira wotchi? Ana azindithamangira kumbuyo akufunsa nthawi?"

Amayi anaseka. Ine sindinaseke.

Amene sanakhale pakati pa matchona sangamvetse. Munthu amene wakhalitsa kunja safika kumudzi chimanjamanja. Amafika atavala suti, ndipo mlongo aliyense, mlamu aliyense, mkazi amene anamusiya ndi mwana wa mkaziyo amalandira kanthu. Wopanda katundu amasankha kufera kuno. Manda athu ku Mutare adzaza ndi amuna amene ndalama ya tikiti anali nayo, koma ya katundu analibe.

"Ndikakolola mtedza ndidzakutumizira papositi," anatero amalume.

Munthu wa zaka makumi asanu ndi kanthu, amene khasu analigwira komaliza ndisanabadwe. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma amayi ananditsogolera.

"Zilembo zimene wawerengera kalatayo anakugulira ndani?"

Ndinavomera.

Zikanathera pamenepo mwina ndikanapirira. Koma pali mwambo wina: wopita kumudzi amanyamulira onse. Lachisanu lotsatira, titatuluka mumzikiti, amuna asanu ndi awiri anatilondola kunyumba. Onse anali akuluakulu kwa ine, anzawo a malemu bambo. Uyu ankafuna nsalu ziwiri za amayi ake, uyu bulangete la mkazi amene anamusiya ku Ntaja. Mmodzi, mlonda wa pagalaja, anatulutsa m'thumba kachingwe kamene kanabwera m'kalata. Kanali muyeso wa phazi la mwana wake wamkazi amene anali asanamuonepo.

"Nsapato zofiira, mwana wathu. Zikhale zokulirapo pang'ono."

Aliyense analonjeza kundipatsa ndalama kumapeto a mwezi. Ndinalemba mayina awo kuseri kwa kabuku ka jogalafe. Zawo zonse zinakwana madola 46.

Loweruka loyamba la Disembala ndinapita ndi amalume kusitolo. Anasankha suti yakuda, chipewa, mabulangete, nsalu za akazi khumi ndi ziwiri, ndi sutikesi yaikulu yofiirira ya malamba awiri. Nsapato za mwana tinayesa ndi kachingwe kaja. Suti a m'sitolo sanawalole kuiyesa, anangoiika pamsana pawo kuona mapewa. Kalaliki wa ku Florida anawonkhetsa kawiri.

"Madola 118. Ndinanena ine. Sitima ija yafika."

"Akupita ndi amalumewa. Ine nditsala."

"Khadi ili silidziwa amalume," anatero, akudinda. "Madola 20 pamwezi, kuyambira mwezi uno."

Madzulo a tsikulo amalume analongedza okha, chinthu chimodzichimodzi, atatseka chitseko. Kenako anaitana shehe, yemwe anaiwerengera sutikesiyo dua, pemphero lathu. Amalume anamanga malamba, pamwamba pake n'kuzengeza chingwe cha sisalo katatu, n'kumanga mfundo. Anaiika pa njerwa zinayi pakona ya chipinda. Apo ndi pamene ndinamva koyamba lamulo lake: katundu wa kumudzi akamangidwa, amakamasulidwa kumudzi. Womasulira kuno watseka njira yake.

Sindinalabadire. Ankayenera kunyamuka chaka chisanathe.

Sananyamuke. Anati mvula yayamba, msewu wochoka pa Balaka udzakhala matope. Mu Januwale anati munthu wanzeru safika kumudzi nthawi ya njala, chifukwa abale amamudya ndi katundu yemwe. Adikira mpaka Epulo, chimanga chikacha. M'mawu amenewo munali nzeru, sindikana. Koma ine ndinkalandira madola 36. Lendi inali madola asanu ndi limodzi, maphunziro anayi, sitolo 20. Otsalawo ndiwo ankadyetsa anthu atatu, pamodzi ndi timasenti ta tomato amene amayi ankagulitsa pamsika. Akuluakulu asanu ndi awiri aja anandipatsa madola awiriawiri kumapeto a Disembala. Mu Januwale anati sukulu zatsegulidwa, ndiwamvetse. Mu Febuluwale ndinasiya kutumiza ndalama ya maphunziro, timabuku n'kusiya kubwera, ndipo kusitolo ndinapereka madola 12 okha. Kalaliki anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Kumayambiriro a Malichi malire a Mozambique anatsekedwa. Tinamva pa wailesi ya kalaliki wa pageti. Sitima yopita ku Beira, yomwe anthu a kwathu ankakwera kuti akalumikize ya ku Malawi, inaima. Ankati alipo ena amene ankapita pa ndege, koma ndege sinali ya khukhi wa ku Murambi.

Amalume anati ndi za masabata awiri. Lolemba lililonse ankavala malaya oyera n'kuyenda wapansi kupita kusiteshoni kukafunsa.

Ine ndinali ndi tsiku langa. Ndalama yolembetsera mayeso, madola 15, inkafunika Malichi asanathe. Wophonya ankadikira chaka china, ndipo maso a nkhalamba ya pageti sakanadikira chaka china. Ndinayendera akuluakulu aja mmodzimmodzi. Ndinkagwada pakhomo, n'kupereka moni wonse, n'kufunsa za ana, kenako n'kutchula nkhani.

"Nsalu ija yafika kwa amayi anga?" anandifunsa woyamba.

"Simwamva za malire, bambo?"

"Ndamva. Ndiye ndilipire nsalu imene ili kuchipinda kwa amalume ako?"

Mlonda wa pagalaja anali wachilungamo kuposa anzake. "Bweretsa nsapatozo, mwana wathu, ndikupatse ndalama yako lero lomwe. Ndidzapeza wina wonyamula." Enanso atatu ananena chimodzimodzi. Katundu m'manja, ndalama m'manja.

Lamulungu m'mawa ndinalowa kuchipinda. Amalume anali atakhala pabedi akudula zikhadabo ndi lezala. Ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko.

"Amalume, ndabwera ndi pempho."

"Nena."

"Ndalama ya mayeso ikufunika mwezi uno. Akuluakulu aja akuti ndikawapatsa katundu wawo andilipira. Sindikupempha suti. Nsapato zokha, bulangete limodzi ndi nsalu zinayi. Zimenezo si zanu."

"Ukuti ndimasule."

"Mudzamanganso. Chingwe ndigula china."

Anaika lezala pabondo. "Iwe unabadwira m'tauni, sudziwa kanthu. Bambo ako anali ndi sutikesi yawo. Inali pakona yomweyi. Iwe utadwala chikuku anaimasula, n'kugulitsa bulangete kuti akupititse kuchipatala. Lero agona kuti?"

Nkhani imeneyo ndinali ndisanaimvepo.

"Agona kuno, amalume."

"Agona kuno, pakati pa anthu osadziwa mfunda wawo. Ndiye ukufuna unditsekere inenso? Wina sanakukwane?"

"Mayesowa akandipita, mpando wa pageti upita."

"Mayeso amabwera chaka ndi chaka. Kumudzi munthu amapita kamodzi. Tuluka, unditsekere chitseko."

Mawa lake, iwo atapita kusiteshoni, sindinapite kuntchito m'mawa. Ndinatenga mpeni wa kukhitchini. Ndinali nditaiyang'anitsitsa mfundo ija, ndipo ndinkadziwa kuti nditha kumanga ina yofanana nayo. Nditalowa kuchipinda ndinapeza amayi atakhala pa sutikesi, dengu la tomato lili pambali. Kumsika sanapite. Ankandidziwa.

"Amayi, dzukani."

"Uyambe wadula ine."

"Ndi nsapato za mwana wa eni, amayi."

"Ndi mchimwene wanga. Ndatsala naye yekhayu. Ukufuna anthu adzati mwana wa uje anatsekera amalume ake njira chifukwa cha pepala la azungu?"

Kenako ndinabweza mpeni kukhitchini, n'kupita kuntchito, komwe anandidula theka la tsiku. Amene anamva nkhaniyi pambuyo pake ankati ndinachita ulemu. Sunali ulemu. Anali mantha, ndipo sindinadzikhululukire.

Kumapeto a Malichi ndinali ndi ndalama yokwanira chinthu chimodzi, mayeso kapena sitolo. Ndinalipira mayeso. Ndinkaganiza kuti sitolo imene inandilembera kalata yoyamikira idzandidikira mwezi umodzi. Sindinawerenge bwino tizilembo ta kuseri kwa pepala lomwe ndinasayina. Timeneto tinkati wophonya mwezi umodzi, ngongole yonse imafunika nthawi imodzi, ndipo chiwongoladzanja chimawerengedwa kuchokera tsiku logula. Ine amene ndinkadzitama ndi Chingerezi.

Mu Epulo ndinapita ndi madola asanu ndi atatu. Kalaliki wa ku Florida sanandikhazike pampando.

"Zatsala 58," anatero. "Ndipo pepala lako lachoka kale patebulo langa. Lili kumwamba."

"Ndibweze katunduyo?"

"Pakapita sabata sitilandira. Komanso uli naye?"

Ndinatenga khadi langa n'kutuluka.

Makalata anabwera atatu. Yoyamba inali yoyera, yachiwiri ya mizere yofiira, yachitatu yochokera kwa maloya. Imeneyi inati ngongole ya madola 58, pamodzi ndi chiwongoladzanja, ndalama ya maloya ndi ya makalata omwewo, yafika madola 96. Makalata amenewa sindinawawerenge mokweza.

Lachisanu ndinkaswali mzere umodzi ndi akuluakulu aja, phewa ndi phewa. Tsiku lina tikuvala nsapato pakhomo la mzikiti, mmodzi wa iwo, amene anali ndi madola anga asanu ndi limodzi, anandigwira dzanja mwachikondi.

"Tamva za maloya, mwana wathu. Riba ndi moto. Unalowamo bwanji, mwana wa Msilamu?"

Ndinamuthokoza chifukwa cha malangizo.

Mu Julaye maloya analembera manijala. Anandiitanitsa kuofesi ndili pageti, nditavala jekete lija. Kalata inali patebulo.

"Ndizikudula madola asanu ndi atatu pamwezi mpaka ithe," anatero. "Ndipo kuyambira mawa ubwerere kumatabwa. Munthu amene walephera kuwerengera ngongole yake sangandiwerengere matabwa."

Ndinayamba kufotokoza za amalume. Anakweza dzanja. "Aliyense wa inu ali ndi amalume."

Mwezi usanathe, pageti panakhala mlamu wa kapitawo, munthu amene JC sanailotepo.

Mayeso ndinalembabe mu Novembala, chifukwa ndalama ndinali nditapereka. Ndinalowa ndi timabuku tomwe tinalekezera Januwale. Pa maphunziro asanu ndi limodzi ndinakhoza awiri, Chingerezi ndi masamu. Masamu ndinakhoza bwino kwambiri. Chaka chotsatira ndalama yolembetsera inalibe pochokera, chifukwa madola asanu ndi atatu aja ankachoka ndisanaone envelopu. Ngongole inatha pakati pa 1977. Pofika apo malole a mitengo ankabwera mwa apo ndi apo chifukwa cha mabomba okwirira m'misewu ya kumapiri, ndipo tinkagwira masiku anayi pa sabata. Kenako ndinakwatira. Kenako ana. Sindinalembenso.

Amalume anapitiriza kupita kusiteshoni Lolemba lililonse mpaka miyendo inakana. Atatero ankakhala pakhonde, n'kumafunsa aliyense wodutsa ngati wamva za sitima. Nthawi imene mizinga inkagwera m'tauni kuchokera kumapiri, anthu ankabisala pansi pa mabedi, koma iwo ankakagwira sutikesi. Sanatchulepo za mayeso anga ngakhale kamodzi. Sanatchulenso za mtedza. Ine ndinkawapatsa moni m'mawa, kuwatengera madzi osamba, kuwameta. Zonse zimene mphwa amachita ndinachita. Wina asadzanene kuti ndinawataya.

Anamwalira nyengo yozizira ya 1979. Malire anatsegulidwa patapita miyezi yowerengeka. Suti ija sinawathandize ngakhale pamaliro, chifukwa Msilamu amapita m'nsalu yoyera yosasoka. Nsaluyo ndinakagula kwa Mmwenye wa kufupi ndi msika, ndalama m'manja. Tinawaika mizere iwiri kuchokera pomwe panagona bambo.

Atatha masiku makumi anayi a maliro, shehe anati katundu wa malemu ndi wa mphwawo, ndimasule. Panali amayi, mkazi wanga, ndi atatu mwa akuluakulu aja. Enawo wina anali atamwalira, ena atasamukira ku mafamu. Mfundo inali itauma ngati mwala, ndinachita kudula.

Khoma la pakona paja linkalowa madzi dzinja lililonse, ndipo njerwa zinayi sizinathandize. Fungo linatuluka loyamba. Mabulangete anali atadyedwa ndi njenjete, ukakweza ankatsalira m'manja. Nsalu zinali zitamatana, zakuda ndi chuku. Suti inali ndi mabowo pamsana ponse. Nsapato zofiira zinali zobiriwira, zitapindika. Mlonda wa pagalaja anazitenga, n'kuziyang'ana.

"Panopa ndi namwali," anatero. Anazibweza pansi n'kutuluka.

Wa malangizo a riba uja anafunsa ngati pa nsaluzo palibe yopulumuka. Ndinamupatsa mulu wonse.

Ndikupinda suti kuti ndikaitaye, ndinamva kanthu m'thumba la m'kati. Kanali kachitini ka fodya, komata bwino ndi sera. M'kati mwake munali madola 60, atsopanotsopano, opindidwa pakati. Inali ndalama yawo ya ulendo ndi yokafikira kumudzi. Chinyezi sichinaikhudze. Inakhala m'menemo tsiku limene ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko kupempha madola 15. Inakhala m'menemo pamene ngongole inali 58.

Ndinayang'ana amayi. Iwo anayang'ana pansi.

"Munkadziwa?"

"Inali ya ulendo, mwanangu."

Ndinaika kachitiniko pamiyendo pawo. Sindinatengepo senti, ndipo sindinafunse kuti anachita nayo chiyani.

Adzukulu anga masiku ano ali ndi makhadi awo a pulasitiki, ena akadali pasukulu. Amandifunsa chifukwa chake ndimagula chilichonse ndi ndalama m'manja, ngakhale firiji. Sindiwayankha zambiri. Chinyanja chawo n'chochepa, ndipo Chishona changa sichikwanira nkhani imeneyi. Mdzukulu wina anati vuto linali sitolo, wina anati linali nkhondo. Sitolo inachita zomwe inalemba papepala. Nkhondo inatseka njanji, sinamange chingwe. Khadi ndinasankha ndekha, kalata ndinawerenga ndekha, mpeni ndinabweza ndekha.

Zomwe zinatayika ndi izi. Madola 156 amene sitolo inalandira pa katundu wa madola 118, ndipo pa katunduyo palibe ulusi umene munthu anavala. Madola 32 a akuluakulu, amene sindinawaonenso. Madola 15 a mayeso, ndi onse amene ndinatumiza papositi zaka ziwiri. Suti imodzi, chipewa chimodzi, mabulangete atatu, nsalu khumi ndi ziwiri, nsapato za mwana. Maphunziro anayi pa asanu ndi limodzi. Mpando wa pageti. Zaka makumi atatu ndi chimodzi zomwe ndinanyamula matabwa, ndi zala ziwiri za dzanja lamanzere zomwe macheka anatenga m'chaka cha khumi ndi chisanu ndi chinayi. Ndiponso zaka zisanu ndi chimodzi zomaliza za amayi, zimene tinakhala nyumba imodzi, kudya mbale imodzi, osalankhulana china koposa moni.